Maola Amene Ababa Anapikula

Helikopita anandilanda m'mawa, nditayang'ana kale mafuta, nditamasula kale zingwe za mapiko. Anabwera amuna atatu ndi loko wamkulu ndi pepala la kukhoti. Sanakalipe. Mmodzi anandipempha mwaulemu kuti ndichoke pafupi ndi ndegeyo, awiri enawo n'kuikankhira m'chinyumba chosungiramo ndege, n'kukhoma. Sukulu yathu ya ku Joni inali ndi ngongole kubanki, mwini wake anali atasowa. Mphunzitsi wanga, mbunu wachinyamata wosakonda zolankhula, anakhala pansi pa simenti n'kuyatsa fodya pamalo pamene fodya ndi woletsedwa. Nditaona zimenezo ndinadziwa kuti zatha, sindinafunsenso munthu.

Koma nkhani yake si ya ndege kwenikweni. Ndi ya nyumba ya amayi.

Ababa ndi amayi kwawo ndi ku Angonia. Ababa ndi wamalonda a mbatatesi, amazitsitsa pa lole kuchokera kumapiri kudzagulitsa kuno ku Tete. Nyumba yathu ya ku Chingodzi anaimanga pang'onopang'ono kuyambira ine ndili mwana, chaka chino khoma, chaka chamawa denga, chaka china osamanga kalikonse chifukwa lole yafa. Itatha inali nyumba yeniyeni, ya zipinda zitatu zogona, khonde ndi mpanda wa njerwa. Chimene amayi ankanyadira si zipindazo. Unali mpopi wa m'khichini. Anasenza madzi pamutu kuyambira ali kamtsikana, ndiye mlendo aliyense akabwera ankamutengera kukhichini, n'kutsegula mpopiwo, n'kutseka, osanena kanthu.

Kenako kunabwera migodi ya malasha. Amene analipo akukumbukira. Mzinda unadzaza magalimoto oyera okhala ndi kambendera pa ndodo yaitali. Kunabwera a ku Brazil, amwenye, a ku Joni, a ku Maputo, onse akufuna pogona. Nkhuku inakwera mtengo mpaka tinasiya kuifunsa. Nyumba iliyonse yokhala ndi mpanda inagogodedwa, ndipo eni ake ambiri anasamukira m'tinyumba ta kuseri n'kumayang'anira alendo akusamba madzi awo. Kwathu kunabwera mkulu wina wa taye m'kutentha kumene kuja. Anati kampani ina yoboola miyala ikufuna nyumba ya antchito ake, renda, ndiye kuti lendi, ya zaka ziwiri ilipiridwa yonse nthawi imodzi, m'madola. Koma bwalo lonse likhale lawo, eni nyumba asatsale kuseri.

Nthawi imeneyo ine ndinali nditamaliza kalasi 12, ndilibe chochita. Bwalo la ndege lili pafupi ndi kwathu, ndiye ndinkataya tsiku pa waya wake. Mahelikopita ankanyamuka m'mawa kupita ndi anthu kutchire kukaona poboola. Oyendetsa ake onse anali akunja. Tsiku lina tikudya ndinati, ntchito ija ngakhale ine ndingaithe atandiphunzitsa. Ine ndinangolankhula. Ababa anasiya kutafuna.

"Amalandira zingati?"

"Kaya. Koma si zochepa."

"Kafunse."

Amayi anaona kumene nkhani ikulowera. "Nanga ine ndikaphikira kuti, bambo ake?"

"Zaka ziwiri zokha, mayi ake. Mwanayu akadzayamba kuuluka mudzakhala ndi mipopi iwiri."

"Ndili ndi manja awiri, koma mpopi umodzi ukundikwanira."

Anaseka ababa, ndinaseka ine. Mwezi usanathe tinali titawoloka mlatho ndi katundu pa lole, kupita ku Degue. Kumeneko ababa anapeza kanyumba ka zipinda ziwiri, malata ake ofika pamutu. Madzi ankatungidwa pa mpopi wa onse, mtunda ndithu, pamzere. Amayi sanamasule mbale zawo zabwino kapena makatani. Anati za zaka ziwiri sizimasulidwa.

Sukulu ya ku Joni inatitumizira mitengo iwiri. Ndege amaphunzira pa maola. Ukhoza kulipira ola lililonse ukauluka, kapena kulipira maola onse ofunika nthawi imodzi pa mtengo wotsika. Ndinawawerengera ababa zonse ziwiri. Ndinati mwina tizilipira pang'onopang'ono.

"Amagula mbatatesi pa mulu ndi wakudya," anatero ababa. "Wamalonda amapikula munda wonse zisanakumbidwe."

Umu ndi mmene anachitira malonda moyo wawo wonse. Amapita ku Tsangano mbewu ili m'nthaka, amayenda m'mizere, amafukula phando limodzi, n'kugwirana chanza ndi mlimi, n'kulipira. Sanaberedwepo. Mlimi aliyense amamudziwa amalume ake, tchalitchi chake, ndi manda a agogo ake. Anaganiza kuti mzungu wa ndege ndi chimodzimodzi. Anatumiza renda yonse, kusiyako ya chakudya changa ndi ya basi. Sindinalimbane nawo. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndipo ndinkafuna kupita.

Za kuphunzira sindinena zambiri, chifukwa zimandipweteka kuposa zinazo. Chizungu cha pa wailesi ya ndege chinandivuta, mabuku anandivuta, kuzizira kunandivuta. Koma manja sanandivute. Chovuta kwambiri pa helikopita ndi kuiimika malo amodzi m'mwamba pang'ono, osapita kutsogolo, osagwa. Dzanja lamanja lili ndi ndodo yake, lamanzere yake, mapazi onse awiri ali pa ntchito, ndipo ukakonza chimodzi zina zitatu zimasokonekera. Zili ngati kusenza beseni lodzaza madzi utaimirira m'bwato. Anzanga ena anavutika nazo nthawi yaitali. Ine zinandilowa msanga. Tsiku lina mphunzitsi anandiuza kuti nditere pa udzu, anamasula lamba wake, anatsika, n'kundilozera kumwamba. Popanda iye ndege inapepuka mpaka ndinachita mantha. Ndinazungulira bwalo ndekha, ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza ngati wamisala. Nditatera anzanga anandinyamula n'kundiponya m'thanki ya madzi, ndi mwambo wawo kumeneko. Madzulo ake ndinaimbira foni kunyumba. Amayi anafunsa ngati ndadya. Ababa anauza msika wonse.

Ndinapeza lisensa yoyamba, yaing'ono. Ndinayamba kuunjika maola a yaikulu, ya ntchito. Ndili m'kati mwa zimenezo ndi pamene anabwera amuna atatu aja ndi loko. Ophunzira tinapita kwa loya wina. Anatiuza mosabisa kuti banki iyamba kudya, kenako boma, kenako antchito, ndipo ife tili kumapeto kwa mzere kumene mbale imafika yotsuka kale. Ndinawauza ababa pa foni tsiku lomwelo. Sindinabise chilichonse. Nditamaliza anati, "Bwera. Uvale malaya oyera aja."

Ndinabwera pa basi yodutsa ku Zimbabwe. Ababa anandichingamira. Asanafunse za ulendo anayang'ana pa mapewa panga ngati pali timizere tagolide tija timene ophunzira amavala. Ndinali nditatichotsa. Anandiuza kuti nditibwezere pomwepo, pa siteji, anthu akutsitsa katundu.

"Lisensa uli nayo?"

"Yaing'ono, ababa."

"Lisensa ndi lisensa."

"Si choncho. Iyi ndingakwezere mnzanga kumuyendetsa ulere. Sindingalipidwe nayo. Ngakhale thumba limodzi la mbatatesi sindinganyamule pa ndalama. Ndiponso ndi ya ku Joni, kuno mpaka a ku Maputo aivomereze."

"Unauluka kapena sunauluke?"

"Ndinauluka."

"Basi. Zinazo ndi za m'nyumba."

Ku Degue ndinapeza kuti dzina langa linatha. Aliyense ankanditcha Pilotu. Ana ankandithamangira akuzunguza manja pamutu. Akuluakulu ankandipatsa mpando. Ababa ankauza anthu kuti ndabwera kudzapuma ndisanakatenge digiri yomaliza, ndipo tikamayenda limodzi ankafuna ndivale malaya aja. Ndinkawavala. Ndinkatuluka thukuta m'menemo ngati mbava ili pa bwalo la milandu. Pamene panalibe ababa ndinkavala kabudula n'kutenga zigubu kukatungira amayi madzi, chifukwa miyendo yawo inali itayamba kutupa. Pa mpopi panali mayi wina wachinyungwe wa pakamwa pakuthwa.

"Pilotu, lero mwatera ndi zigubu zingati?"

"Ziwiri, mama."

"Mukadzabwera nayo ndege yanu mudzatipepeseko mphepo, tapsa kuno."

Azimayi ankaseka, ine ndinkaseka nawo mano okha. Amayi akamva zoterezi ankayankha iwo. Ankati sekani lero, mawa mudzamuyang'ana khosi litapindika.

Lamlungu lina ndinawaperekeza ku Chingodzi. Ndinapeza kuti unali mwambo wawo wa mwezi ndi mwezi: kukwera chapa, minibasi ya kuno, kuwoloka mlatho, kutsika, n'kuima kutsidya kwa msewu kuyang'ana nyumba yawo. Pakhonde panali nsapato za m'migodi zili mbwee. Pa waya panali maovolosi. Pamene amayi ankadzala masamba panali jenereta. Sanagogode. Anangoima, n'kuwerenga miyezi yotsala pa zala, n'kunena kuti tiye tibwerere dzuwa lisanakule.

Itatsala miyezi yochepa, mkulu wa taye uja anabweranso. Kampani inkafuna zaka zina ziwiri, koma pa mtengo wotsika, chifukwa nkhani ya malasha inali itayamba kuzizira. Ababa anaona mwayi. Ndalama imeneyo ikanatha kunditumiza ku sukulu ina kukagulanso maola amene tinali titagula kale. Ananena zimenezi pa mkeka, tikudya. Amayi anasamba m'manja chakudya chisanathe.

"Ayi."

"Mayi ake, tamverani kaye."

"Munati zaka ziwiri. Ndasenza madzi zaka ziwiri. Ndikufuna nyumba yanga."

"Ndiye mwanayu atsale panjira?"

"Mwanayu ndi wanga, ndinam'bereka ndine. Musandiopseze naye. Ndikufuna nyumba yanga."

Anandiyang'ana onse awiri. Ine ndinayang'ana m'mbale. Ndinkafuna kubwerera ku Joni kuposa chilichonse, ndipo ndinkaona miyendo ya amayi tsiku lililonse. Ndinadzuka n'kutuluka panja.

Ababa sanaibweretsenso nkhaniyo. M'malo mwake anayamba kupitapita ku dera la Mateus Sansão Muthemba, kwa mkulu wa gulu la anthu a kwathu. Anthu a ku Angonia okhala ku Tete ali ndi gulu lawo, lothandizana pa maliro ndi pa maukwati. Posakhalitsa tinamva kuti gulu lakonza phwando lolandira pilotu woyamba wa kwathu. Ndinawauza ababa kuti sindipita. Anati mbuzi zagulidwa kale, azimayi agula kale nsalu yofanana, aliyense ndi ndalama yake, ndiye ndipite ndekha ndikawauze kuti abweze. Amayi nawonso anagula nsaluyo. Ndinawaona akuisita, akuimba pansipansi. Sindinamvetse. Ndinaganiza kuti akudzikakamiza.

Linali Lamlungu, anthu atatuluka ku Misa. Pabwalo la mkulu wa gulu anamanga mthunzi ndi malona a pa lole. Panali mipando ya pulasitiki, zokuzira mawu zobwereka, ndi anthu ochuluka kuposa amene ndinawaonapo pa maliro alionse. Ogulitsa kabichi, onyamula matumba, madalaivala a ku Malawi amene ababa amadziwana nawo, ngakhale sekretaryo wa bairu, mkulu wa boma wa deralo, anabwera ndi chipewa chake. Anandiimika pa geti. Kenako azimayi anayamba kumasula nsalu zawo zapamwamba n'kuziyala pansi, kuchokera pa geti mpaka pa mpando umene anandikonzera, monga amachitira akabwera bishopu. Woyamba kugwada anali amayi. Anagwada movutika, dzanja limodzi pa bondo, anayala nsalu yawo patsogolo panga, n'kuisalaza ndi chikhato.

Ndinaiponda. Ndinali ndi nsapato zakuda zafumbi, ndinaponda nsalu ya amayi ndi nsalu za azimayi onse amene amadzuka usiku kukalimbirana kabichi pa lole. Nthungululu zinkandilasa m'makutu. Ndayendapo pa malo oopsa, koma mtunda umene uja sindidzauiwala.

Tinadya. Madala anayi anavina ngoma ndi zishango zakale mpaka mmodzi anatsokomola n'kukhala pansi. Kenako mkulu wa gulu anatenga maikolofoni.

"Abale anga, kuno amatitcha chiyani? Amati angoni a kabichi. Bodza?"

"Zoona!"

"Amati tikakwera chapa timanunkha anyezi. Bodza?"

"Zoona!" anthu akuseka.

"Lero anyezi wauluka!"

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Sekretaryo analankhulanso zake, za chitukuko, za achinyamata, kuti chuma cha pansi pa nthaka chafika kwa ana a eni nthaka. Ananditcha chitsanzo. Anthu ankabwera kudzandijambula ndi mafoni, ana awo atawaimika pambali panga.

Kenako anaimirira ababa. Anathokoza gulu, anathokoza Mulungu. Ndiye anati, "Mwana wathuyu watsala ndi sitepe imodzi kuti ayambe kunyamula akuluakulu a migodi. Sitepe imeneyo ndi yodula. Koma ine ndi mayi ake tagwirizana. Nyumba yathu ya ku Chingodzi tiisiyanso kwa alendo zaka zina ziwiri. Mayi akewo ndi amene anayamba kunena, anati bambo ake, ine madzi ndisenza, bola mwana afike."

Apo ndi pamene ndinamvetsa chimene mbuzi zija zinafera. Azimayi anathamangira kwa amayi, anawadzutsa pa mkeka, anawazungulira akuvina, akuwatcha mayi wa pilotu, mkazi wolimba mtima, wina n'kuwapukuta thukuta ndi mpango wake. Munthu amene watamandidwa chotero pamaso pa gulu lonse sangadzuke mawa n'kunena kuti ndikufuna mpopi wanga. Ababa ankadziwa zimenezo. Amayi ankavina. Nkhope yawo inali ikumwetulira, maso awo ali pa ababa, osaphethira.

Anandipatsa maikolofoni kuti ndithokoze.

Ine sindidziwa kuzungulira nkhani. Sindinaphunzirepo. Ndinati, "Zikomo chifukwa cha mbuzi. Koma ine si pilotu amene mukuganiza. Sukulu yanga inatsekedwa, ndalama za ababa zinapita, sindinamalize. Pepala limene ndili nalo silingandipezere ntchito, kuno kapena kulikonse. Timizere iti amavala ndi ophunzira. Amayi sanagwirizane ndi zimene ababa anenazi. Iwo akufuna nyumba yawo, ndipo ine sindibwerera ku Joni ndi ndalama ya nyumba imeneyo. Ndatha."

Ndinaika maikolofoni pa mpando. Zokuzira mawu zinalira tswii, mnyamata wa zingwe n'kuthamanga kukazimitsa. Ndinamva mbale ikugwa kuseri kwa nyumba. Sekretaryo anayamba kuyang'ana m'chipewa chake. Ababa anali chiimire pamene anali, dzanja lili m'thumba, akuyang'ana lona.

Anatipulumutsa ndi mdala mmodzi wa ovina aja. Anati, "Nanga mbuzi tadya kale, tiilavule?" Ena anaseka, ena anayamba kufunafuna nsapato zawo. Azimayi anatola nsalu zawo pansi, aliyense kukutumula yake, osayang'anana. Amayi anatola yawo, sanaikutumule, anaipinda ndi fumbi lake lomwe n'kuiika m'khwapa.

Tinabwerera ku Degue pa chapa imodzi, atatu. Ababa anatsikira panjira, anati ali ndi munthu woti amuone. Ine mumtima ndinkati ndachita chinthu cholungama. Manyazi analipo, koma ndinkayembekezera kuti tikafika amayi andigwira dzanja. Titalowa m'nyumba anatseka chitseko ngakhale kunali kotentha.

"Wakhuta?"

"Amayi, ndimafuna kuti inu..."

"Khala chete. Unafunsa ndani?"

"Ababa ananama pamaso pa anthu. Amafuna kukumangani."

"Ukuganiza kuti sindinaone? Abambo akowo ndakhala nawo iwe usanabadwe. Akanalankhula pa gulu, ine ndikanavina pa gulu, tikanabwera m'nyumba muno n'kutseka chitseko ichi. Pepala la renda silisainidwa pa phwando. Ndikanawagonjetsa, monga ndinawagonjetsera pa nkhani yogula lole yachiwiri. Zimenezo zinali zanga ndi iwo."

Anakhala pa mpasa n'kutambasula miyendo yawo yotupa ija.

"Zaka ziwiri ndaima pa mpopi uja anthu akundiseka, akuti mwini nyumba ya mpanda akulimbirana madzi ndi ife. Ndinali ndi yankho limodzi lokha. Ndinkati mwana wanga ali m'mwamba. Ndinkadziwa kuti sukulu inatsekedwa, sindine chitsiru. Koma unaulukadi, si choncho? Lero linali tsiku langa limodzi. Ndinagwada ndekha, palibe anandikakamiza. Iwe n'kundivula pamaso pa anzanga, ati ukundithandiza."

Ndinavula malaya oyera aja n'kutenga zigubu, ngakhale madzi anali odzaza m'nyumba. Pa mpopi nkhani inali itafika kale. Mayi wachinyungwe uja anandiyang'ana, anayang'ana zigubu. Anandisunthira kuti nditunge patsogolo pake. Ndikanakonda akananditukwana.

Renda sinapitirire. Ababa sakanathanso kusaina gulu lonse litamva kuti amayi sakufuna. Antchito a kampani anachoka nthawi yawo itakwana, ife n'kuwolokanso mlatho ndi katundu pa lole. Tinapeza makoma akuda, chitseko chimodzi chothyoka, ndi dzenje la mafuta pamene panali jenereta. Mpopi unali ukugwira ntchito. Amayi anamasula mbale zawo, anapachika makatani. Koma anasiya kupita ku misonkhano ya gulu. Ku Misa anayamba kupita ya m'mamawa, imene anthu a kwathu sapitako. Mlendo akabwera samutengeranso kukhichini. Nyumba yawo anaipeza, ndipo amakhalamo ngati munthu wobisala. Nthawi zina ndimaganiza kuti akanaipeza ndithu ngakhale ine ndikanangonena zikomo n'kukhala pansi. Ganizo limenelo ndi limene limandisowetsa tulo.

Dzina la Pilotu silinachoke. Linangosintha kamvekedwe. Kumsika onyamula matumba amandiitana nalo akafuna ndisunthe ngolo. Sindikwiya nawo, ndikanakhala iwo ndikanachita chimodzimodzi. Chimene sindipirira ndi anthu achifundo, amene amandigwira paphewa n'kumati Mulungu ali ndi nthawi yake. Amenewo ndimawasiya akulankhula.

Ndinayamba kugwira ntchito pa lole ya ababa, chifukwa panalibe kwina. Sanandiitane, sanandikanize. Ndinangokwera tsiku lina m'mawa, iwo n'kuliza injini. Tinkapita ku Angonia n'kubwera, ulendo wonsewo osalankhulana kupatula za ntchito. Manga chingwe. Ika mwala ku tayala. Werenga matumba. Kumunda ndinaona kuti asiya kupikula mbewu ili m'nthaka. Ankadikira ikumbidwe, ayeze thumba lililonse, ndiye alipire. Alimi amene anachita nawo malonda zaka zambiri anadabwa, mmodzi anakhumudwa n'kufunsa ngati anawaberapo. Ababa anati ayi, nthawi zasintha. Ine ndinapita kuseri kwa lole.

Tsiku lina masana tinaima pa mzere wa pa mlatho, malole ali ndondondo, dzuwa likuwotcha chitsulo mpaka osatheka kuikapo mkono. Ana ogulitsa madzi ankayenda pakati pa magalimoto. Kuchokera ku Chingodzi kunanyamuka helikopita, inadutsa pamwamba pa Zambezi, yotsika. Sindinafune kuiyang'ana, koma mapazi anga anayamba kuponda okha pansi pa lole, monga amachitira nthawi zonse ndikaimva. Ababa anaona. Anaitsatira ndi maso mpaka inabisika kuseri kwa phiri.

"Imeneyo ungaiyendetse?"

"Imeneyo ndi yaikulu. Koma atandionetsa masiku ochepa, inde."

Anagwedeza mutu. Anagula madzi mabotolo awiri pa zenera, anandipatsa limodzi. Kuyambira tsiku la phwando anali asanandipatsepo kanthu m'manja.

"Sindinakufunsepo," anatero, akuyang'ana kutsogolo. "Katundu wathu amene anatsala kwa mzungu uja. Amene tinalipira koma sunauluke. Ndi wochuluka bwanji?"

"Ababa, loya anati sitidzaona kalikonse."

"Sindinafunse za loya. Munthu amayenera kudziwa chake chimene chili kwa anthu."

Lole ya patsogolo inasuntha pang'ono, n'kuimanso. Sindinachite kuwerengera. Chiwerengero chake ndimadzuka nacho, ndimagona nacho. Ndinawauza kuti sukulu ija ili ndi maola anga 84 ndi mphindi 18.